Kompyuta yodziwa kuti magetsi amazima

Makompyuta ndi mafoni amene tili nawo muno mu Harare anakonzedwa ndi anthu amene kwawo magetsi sazimazima. Munthu wolemba pulogalamu ku California amakhala pansi akudziwa kuti pakhoma pali magetsi usiku ndi usana, intaneti siduka, ndipo mwini foni ikangotha zaka ziwiri kapena zitatu adzagula ina. Pitani nazo zimenezo ku Mufakose, ku Mabvuku kapena ku Dzivarasekwa mukaone ngati zingagwire. Mu 2019 magetsi ankazima mpaka maola 18 patsiku. Kumapeto kwa 2022 bungwe la Zambezi River Authority linalamula kuti makina a magetsi a kumwera kwa damu la Kariba aime kaye, chifukwa madzi amene Zimbabwe inapatsidwa chaka chimenecho anali atatha. Chilala cha 2024 chinabweretsanso mdima womwewo.

Takhala tikuchita nazo manyazi zimenezi, ngati kuti ndife otsalira amene tikungodikira tsiku lodzafanana ndi anzathu. Ine ndikukana. Pali gulu la akatswiri ofufuza za makompyuta, ndipo likukulirakulira, limene layamba kufunsa mafunso amene ife timagona nawo n'kudzuka nawo. Kodi makina angagwire bwanji ntchito magetsi akamabwera n'kupita? Kodi foni ingakhale bwanji zaka 10 ili moyo? Kafukufuku ameneyu ndiye akundipatsa chiyembekezo kuposa wina aliyense pa nkhani ya makompyuta ndi chilengedwe, ndipo ana athu amene akuphunzira ku University of Zimbabwe ndi ku Harare Institute of Technology ali pamalo abwino ochitira kafukufukuyu kuposa anzawo a ku Boston.

Chimene chawadzutsa akatswiriwo ndi kukula kwa ngongole imene makompyuta ali nayo ku chilengedwe. Bungwe la International Energy Agency linawerengera kuti mu 2024 nyumba zikuluzikulu zosungiramo makompyuta, zija amati data centre, zinadya magetsi okwana ma terawatt-hour 415 (terawatt-hour imodzi ndi mayunitsi a magetsi biliyoni imodzi), ndipo pofika 2030 zikhoza kufika pa 945, makamaka chifukwa cha AI, makina ophunzitsidwa kulemba, kuyankha ndi kugwira ntchito zina zofuna nzeru ngati za munthu. Zimbabwe yonse, ndi migodi yake ndi mafakitale omwe, sifika ngakhale pa 15 pachaka. Mbali inayi kuli zinyalala: lipoti la mabungwe a United Nations linapeza kuti mu 2022 dziko lapansi linataya matani 62 miliyoni a zipangizo zamagetsi, ndipo 22 zokha pa 100 zilizonse ndizo zinatoleredwa n'kukonzedwanso mwadongosolo.

Koma nambala imene inatembenuza maganizo a ofufuza ambiri ndi ina. Foni yanu siipitsa dziko kwambiri pamene mukuitchaja. Utsi wochuluka unatuluka kale isanafike m'manja mwanu, pokumba miyala, poyenga zitsulo, ndi popanga tizipangizo tamkati m'mafakitale odya magetsi ndi madzi osaneneka. Kampani ya Apple imanena yokha m'malipoti ake kuti mpweya woipa wa iPhone imodzi, pafupifupi magawo 80 pa 100 amachokera popanga. Ndiye kuti foni imene yakhala zaka 6 m'malo mwa zaka 3 yachepetsa kuwononga kwake pafupifupi ndi theka, popanda luso lina lililonse latsopano.

Ife zidzukulu za anthu amene anachoka ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mangochi kudzalowa m'migodi ndi m'mafamu a dziko lino sitifunika kuuzidwa kuti chitsulo chimatuluka pansi ndi thukuta la munthu. Ngozi ya mgodi wa Kamandama ku Hwange mu 1972 inapha anthu oposa 400, ndipo ena mwa iwo anali ochokera ku Malawi. Malasha a ku Hwange komweko ndiwo akutiunikira mpaka lero Kariba ikaphwa. Panopa kwabwera lithiamu wa ku Bikita ndi wa ku Arcadia, kufupi ndi Goromonzi, wopangira mabatire. Batire lotayidwa nthawi yake isanakwane limafuna lina, ndipo linalo likumbidwa kuno.

N'chifukwa chake ndimawapatsa ulemu amisiri a m'timashopu ta ku Gulf Complex, amene amaweramira foni tsiku lonse kusintha sikirini, batire ndi pobayira chaja. Pa nkhani za chilengedwe palibe amene amawatchula, chonsecho iwowa ndi amene akutalikitsa moyo wa zipangizo zambirimbiri mumzinda uno. Amadziwa mtundu wa foni umene umafa pobayira chaja, umene batire lake limatupa kukatentha mu Okutobala, umene umapsa magetsi akabwera mwamphamvu atazima tsiku lonse. Nzeru imeneyi ili m'mitu mwawo basi. Wophunzira amene angakhale nawo miyezi ingapo, n'kumalemba foni iliyonse yobwera, zaka zake ndi chimene chaiwononga, atuluka ndi chuma chimene ofufuza a kunja sangachipeze m'ma labotale awo.

Kunjako ayamba kale kuchita zimene angathe. Mu 2023 Jennifer Switzer ndi anzake a ku University of California San Diego anasindikiza kafukufuku wa mafoni otayidwa. Anatenga mafoni 10 akale a mtundu wa Pixel 3A, n'kuwalumikiza pamodzi, n'kuwapatsa ntchito imene kawirikawiri imagwiridwa ndi seva, kompyuta yamphamvu ya mu data centre. Ntchito inayenda. Foni yosweka sikirini imakhala ikadali ndi ubongo wake wamphamvu, posungira zinthu, Wi-Fi, ndiponso batire lakelake, moti magetsi akazima siigwa pomwepo. Utsi wopangira foniyo unatuluka kale, choncho ntchito iliyonse imene ingagwire tsopano ndi phindu la pamwamba. Tangoganizirani mafoni osweka amene ali m'madirowa a m'nyumba za ku Highfield kokha. Sukulu ikhoza kuikamo mabuku ndi Wikipedia kudzera m'pulogalamu ngati Kiwix, ana n'kumawerenga pa Wi-Fi ya pasukulupo osagula bandulo ngakhale imodzi.

Ndipo nzeru yotere si yachilendo kwa ife. Kumudzi, cha m'ma 2001, Gerry Douglas ndi anzake amene anayambitsa bungwe la Baobab Health anaika makompyuta ongodina pasikirini pachipatala chachikulu cha ku Lilongwe, chimene lero ndi Kamuzu Central. Sanathamangire makina odula. Anatenga tizipangizo totchedwa i-Opener, timene ku America tinali titasiya kugulitsidwa, n'kutisintha. Tinkadya magetsi ochepa, ndipo mphamvu yake inkadutsa mu waya wa netiweki kuchokera ku mabatire akuluakulu, moti magetsi akazima wolemba odwala ankangopitiriza ntchito. Njira imeneyi inadzafalikira m'zipatala zambiri zopereka ma ARV m'Malawi. Zimenezi zinachitika zaka 20 anthu a ku San Diego asanaganize za mafoni otayidwa. Makina akuluakulu nawonso amatha kukhala moyo wachiwiri: kompyuta yamphamvu ya Ranger, ya ku University of Texas, itapuma ntchito mu 2013 inagawidwa zidutswa n'kutumizidwa ku South Africa, ku Tanzania ndi ku Botswana, kumene ophunzira ambiri anaphunzirirapo kayendetsedwe ka makina otere.

Mbali imene imandikoka mtima kwambiri ndi ya makina odziwa kudikira. Kompyuta wamba imasunga zimene ikuchita pamalo amene amafufutika magetsi akangochoka, n'chifukwa chake kalata imene simunaisunge imatayika. Ofufuza ena akupanga zipangizo zimene zimalemba pomwe zafika kambirimbiri pamalo osafufutika. Mphamvu ikatha zimangoima, ikabwera zimanyamukira pomwe zinalekezera. Mu 2020 akatswiri a ku Northwestern University ndi a ku Delft ku Netherlands anaonetsa kachipangizo kamasewera ka mtundu wa Game Boy kopanda batire, koyendera kuwala kwa dzuwa ndi mphamvu ya chala cha wosewerayo podina mabatani. Kankazima pafupipafupi, koma masewerawo sankayambiranso pachiyambi. Anthu ena anangoona choseweretsa. Ine ndikuona kachipangizo koyeza madzi pa mjigo wa ku Epworth, kapena koyeza kuzizira kwa firiji ya katemera pakiliniki, kokhala zaka zambiri osafuna munthu wodzasintha batire.

Pa makina akuluakulu nzeru yake ndi yomweyo. Mu 2020 kampani ya Google inalengeza kuti ntchito zimene sizili zachangu m'ma data centre ake izizikankhira ku maola amene dzuwa ndi mphepo zikupereka magetsi ambiri. Ku Barcelona, magazini ya Low-tech Magazine kuyambira 2018 imayendetsa tsamba lake la pa intaneti pa kakompyuta kakang'ono ka sola, ndipo kukachita mitambo masiku angapo tsambalo limazima, owerenga n'kudikira. Kwa iwo zimenezi ndi zatsopano. Kuno mayi aliyense wa ku Tafara anazolowera kusanja ntchito motsatira magetsi: kusita pakati pa usiku akabwera, kupopa madzi masana sola ikamagwira. Zimene sizinaphunzire ndi foni yawo ndi laputopu ya mwana wawo, zimene zimayamba kukopera mapulogalamu atsopano nthawi iliyonse imene zafuna, n'kumaliza batire ndi bandulo yomwe.

Apa ndiye pali ntchito ya ana athu. Yang'anani madenga a mzinda uno, mapanelo a sola ali ponseponse. M'nyumba zambiri mabatire amakhala atadzaza dzuwa likafika paliwombo, ndipo kuyambira pamenepo mphamvu ya mapanelowo imangopita pachabe. Pulogalamu imene ingadziwe zimenezi, n'kumasunga ntchito zolemera kuti zichitike masana, n'kumapuma kukada, ingagwiritse ntchito magetsi oyera amene alipo kale ndipo palibe akuwadya. Amene angaiyese bwino ndi munthu wokhala pamene magetsi amazima zenizeni, osati amene amachita kuyerekeza kuzimako pa kompyuta.

Pa AI mpikisano wakhala wa kukula. GPT-3, AI yolemba ndi kuyankha mafunso imene inatuluka mu 2020, inali ndi manambala amkati, aja amati maparamita, okwana 175 biliyoni. Koma mu 2019 Emma Strubell ndi anzake a ku University of Massachusetts Amherst anali atachita kale chinthu chimene ambiri sankachilabadira, kuwerengera magetsi ndi utsi wophunzitsira makina a zilankhulo. Chaka chomwecho Roy Schwartz ndi anzake anapempha kuti wofufuza asamangolengeza kuti makina ake apambana, azinenanso kuti kupambanako kwadya zingati. Kuchokera pamenepo luso lochepetsa makina a AI kuti akwane pafoni lakula kwambiri. Mu 2024 kampani ya Lelapa AI ya ku Johannesburg inatulutsa InkubaLM, ya maparamita 400 miliyoni okha, yodziwa Chiswahili, Chiyoruba, Chihausa, Chizulu ndi Chixhosa. Chichewa mulibemo, ndi Chishona chomwe mulibe. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amachiwerengera Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka, koma agogo a ku Mbare amene akufuna kumva za mankhwala awo a shuga m'chilankhulo chawo sathandizidwa ndi pepala la malamulo. Chithandizo chawo chikadzabwera, chidzabwera pa foni yotsika mtengo, m'makina aang'ono osalira intaneti. Kusamala magetsi ndi kufikira anthu athu pano zikuyendera njira imodzi.

Sindikunena kuti Africa isakhale ndi makina akuluakulu. University of Zimbabwe ili ndi malo a kompyuta yamphamvu kuyambira 2015, ndipo mu 2025 kampani ya Cassava Technologies ya a Strive Masiyiwa inalengeza zomanga malo a makina a AI ndi zipangizo za Nvidia, kuyambira ku South Africa. Zimenezo n'zofunika. Kungoti makina otere amatentha, ndipo gawo lalikulu la magetsi a data centre limathera powaziziritsa. Pamenepa mphunzitsi tili naye pakati pa tauni. Nyumba ya Eastgate, imene inatsegulidwa mu 1996, anaijambula a Mick Pearce atatengera nzeru pa chulu cha chiswe. Usiku mafani amakokera mpweya wozizira m'mipata ya mkati mwa konkire, konkireyo n'kusunga kuzizirako, masana mpweya wotentha n'kumakwera kutulukira m'machumuni a padenga. Harare ali pamtunda ndipo usiku wake umazizira ngakhale m'chilimwe. Chipinda cha maseva chimatentha kuposa ofesi, inde, koma funso lakuti mpweya wa usiku wa kuno ungachepetse magetsi oziziritsira ndi angati ndi loti mainjiniya athu aliyankhe ndi zoyezera m'manja.

Ndikudziwa zimene ena mwa inu, abale anga, mukunena mumtima: kodi ife tizingokhalira za kaunjika, anzathu akuvala zatsopano? Funsoli ndi lolemera ndipo sindikulipeputsa. Mayiko olemera akhala akutumiza ku Africa makina akufa atawalemba kuti ndi mphatso, anyamata n'kumawotcha mawaya kuti apeze kopa, akupuma utsi wa pulasitiki ndi mtovu. Pangano la Bamako la 1991 linalembedwa kuti zinyalala zoopsa zisamalowe mu Africa, ndipo likufunika mano. Palinso choonadi china chimene okonda zakale safuna kumva. Seva yakale imene imayaka usana ndi usiku imadya magetsi ambiri pa ntchito yomweyo kuposa yatsopano, ndipo pamene magetsiwo akuchokera ku malasha, kuisunga kukhoza kuwononga kuposa kuisintha. Foni ndi laputopu n'zosiyana, chifukwa zimadya pang'ono ndipo ngongole yake yaikulu inali popanga. Ndiye palibe lamulo limodzi lakuti chakale n'chabwino. Pamafunika kuyeza, chipangizo ndi chipangizo, malo ndi malo, ndipo kuyezako ndiye kafukufuku amene ndikunenayu. Dziko lopanda anthu ake odziwa kuyeza limangolandira chilichonse chotsitsidwa mu kontena.

Komanso onani kumene olemerawo akulowera. Kuyambira pa 20 Juni 2025 malamulo a European Union akufuna kuti wopanga foni azipereka zipangizo zosinthira kwa zaka 7 atasiya kugulitsa mtunduwo, mapulogalamu atsopano kwa zaka zosachepera 5, ndiponso batire lotha kutchajidwa ka 800 likadali ndi mphamvu zokwana 80 pa 100. Akuchita kukakamiza ndi lamulo chimene mmisiri wa ku Gulf Complex wakhala akulimbana nacho ndi manja.

Chiyembekezo changa chili ndi malire ake. Pakati pa 2010 ndi 2018 ntchito ya ma data centre inakwera ndi 550 peresenti pamene magetsi ake anangokwera ndi 6 peresenti, malinga ndi kafukufuku wa Eric Masanet ndi anzake. Umenewo unali umboni wakuti luso limatha kuchepetsa kuwononga. Kenako AI inabwera n'kumeza zonse zimene zinapulumutsidwa. William Stanley Jevons anaziona kale mu 1865 pa malasha a ku Britain: makina akayamba kudya pang'ono amatsika mtengo, anthu n'kuwachulukitsa, malasha n'kumatha kuposa kale. N'chifukwa chake ofufuza amene amakumana pa msonkhano wa Computing within Limits kuyambira 2015, ndi ena ngati Wim Vanderbauwhede wa ku University of Glasgow, amafunsa funso lina, lakuti makompyuta okwanira ndi angati ndipo ndi a ntchito yanji. Funso limenelo ndi la andale ndi la ife ogula, mainjiniya okha sangaliyankhe.

Pali poyambira pamene pali pafupi kwambiri. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira mwa nthawi zonse Windows 10, pulogalamu yake yoyendetsera kompyuta, ndipo makompyuta ambiri akale sangalandire Windows 11 chifukwa alibe tizipangizo tina timene imafuna. M'masukulu, m'maofesi a mipingo yathu ndi m'makoleji aang'ono a m'tauni muli makina ambiri otere, amoyo bwinobwino, amene posachedwa wina awatcha akutha. Ambiri mwa iwo akhoza kuyenda zaka zina zingapo pa Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsera kompyuta m'malo mwa Windows, makamaka ataikidwa chosungira zinthu cha SSD chimene mtengo wake ndi kachigawo chabe ka mtengo wa kompyuta yatsopano. Ndikupempha aphunzitsi a m'mayunivesite athu kuti ophunzira a chaka chomaliza azipatsidwa ntchito ngati imeneyi: atenge labu ya sukulu imodzi ya ku Kambuzuma kapena ku Glen Norah, aidzutse, aikepo mita yoyezera magetsi, alembe chimene chafa ndi chimene chapirira kwa chaka chathunthu, n'kusindikiza zimene apeza. Mmisiri wa mafoni aitanidwe m'kalasi adzaphunzitse, ndipo alipidwe ngati mphunzitsi.

Inunso makolo anzanga, mwana akabwera kunyumba n'kunena kuti kafukufuku wake ndi wa mafoni osweka ndi makompyuta akale, musaone ngati fizi yapita m'madzi. Mufunseni kuti wayeza chiyani ndipo wapeza zotani. Kenako tsegulani dirowa mumupatse mafoni akufa aja, ndipo muuzenso anzanu a ku mpingo ndi a ku bungwe la maliro kuti abweretse awo.